Barafu wa Tsiku Limodzi

Iwe Baraka, ika foni pansi ubwereze zimene wanena zija. Ayi, usachite manyazi, ndamva bwinobwino. Wati akuluakulufe ndi amene tinadya dziko, inu mwangobadwira kulipira ngongole. Wanena m'Chiswahili poganiza kuti makutu anga anapuma ntchito pamodzi ndi ine. Ine ndikuyankha m'Chichewa, poti nonsenu mumamva, kungoti pakamwa ndi pamene pamalemera. Neema, tsitsa wailesiyo. Senderani kuno ana inu ndikuuzeni za ngongole ya dziko, chifukwa ine ndinaionapo ndi maso angawa. Inali yobiriwira, yaitali ngati basi, ndipo ndinkaipaka girisi Lolemba lililonse.

Ndinabwera kuno ku Dar ndili mnyamata, kuchokera ku Nkhotakota, ndili ndi malaya awiri ndi dzina la amalume amene ndinapeza atasamuka kale. Ndinagwira ntchito m'magalaja, kutsuka zitsulo ndi kupatsira amisiri sipanala, mpaka ndinadziwa ntchito. Masiku amenewo ife a ku Malawi tinali ndi mbiri kuno. Ankati Mnyasa ukamuuza kuti aime apa, ukabwera mawa umupeza ali pomwepo. Ife tinkaona ngati akutiyamikira. Zinanditengera zaka kuti ndiyambe kukayika.

Mbiri imeneyo ndi imene inandipezetsa ntchito ku Kigamboni. Kampani ina ya boma inamanga fakitale yopanga barafu, amene kwathu timati ayezi, kuti nsomba za asodzi zisamaole. Makina ake anagulidwa kunja pa ngongole. Anabwera pa sitima m'mabokosi, pamodzi ndi mzungu wake wodzamanga. Mzunguyo anakhala miyezi itatu, akufiira tsiku ndi tsiku, ine ndikumunyamulira zida. Atamaliza kunabwera akuluakulu, kunavinidwa, mbuzi zinafa, riboni inadulidwa. Batani lokha ndi limene silinadinidwe, chifukwa magetsi amene ankafika kumeneko anali ongokwanira mababu awiri ndi fani ya a Meneja.

Musaseke. Ngongole ija inali ya makina basi. Nthambo zazikulu ndi thiransifoma zinali za ofesi ina, ndipo ofesi imeneyo inali kudikira ngongole yakeyake. Tsiku lonyamuka, mzungu uja anandigwira dzanja n'kundionetsa. Lolemba lililonse uzizungulitsa gudumu ili ndi manja maulendo makumi awiri, uzipaka girisi apa, apa ndi apa, uzipukuta paliponse, chifukwa mphepo ya kunyanja imadya chitsulo. Uzichita zimenezi mpaka magetsi abwere. Ndinafunsa kuti abwera liti. Anati mwezi wamawa.

Ndinazungulitsa gudumu limenelo zaka khumi ndi chimodzi.

Antchito tinalipo ambiri ndithu. Panali a Meneja ndi owathandiza, dalaivala wa galimoto yonyamula barafu, ndi mayi wina wolemba malisiti a barafu wogulitsidwa. Onse ankabwera m'mawa, kusaina, n'kukakhala pa bawo pansi pa mtengo wa mango. Sindikuwanyoza ayi. Munthu ungagulitse bwanji chinthu choti kulibe? Ine ndekha ndi amene ndinali ndi ntchito yogwirika, ndipo ankandiseka nayo. Lolemba likakwana ankati, taonani Mnyasa akupita kukasambitsa mkazi wake wamkulu.

Inu mukati zinthu zavuta mumatanthauza kuti foni yatha mayunitsi. Ife tinaona nyengo yoti ukaona mzere unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa kuti kutsogoloko kukugulitsidwa chiyani. Agogo anu a Nambewe anaimapo kuyambira m'mawa konkuno ku Magomeni akuyesa kuti ndi shuga, kukafika kutsogolo anapeza mabatire a tochi. Anagula, ngakhale tochi tinalibe. Sopo anasowa mpaka tinkachapira masamba a papaya. Ufa unali wachikasu, wonunkha thumba. Ndiye girisi naye anasiya kubwera ku fakitale. A Meneja anati ndalama zakunja kulibe, ndizingopukuta fumbi.

Fumbi! Chitsulo chili m'mbali mwa nyanja ungachiuze za ndalama zakunja? Girisi wa m'kati ndinkakagula ndekha kudoko mwakabisira, ndi ndalama ya ndiwo. Kunja kwa makina ndinkapaka mafuta a nazi, kokonati uja. Inu mumagula nazi wa m'paketi, simudziwa kuti msana umapweteka pati. Agogo anuwa ankakhala pa kampando kaja kokhala ndi mano kutsogolo, kupala, kufinya, kuwiritsa mpaka mafuta atayandama. Iwo ankati akupangira ana mafuta odzola. Botolo likangodzaza linkasowa. Tsiku lina anandiimitsa pakhomo, kununkhiza malaya anga, n'kufunsa, "Bambo a Yohane, kodi mkazi mnzangayo khungu lake ndi louma chotani?" Ndinawafotokozera zonse. Anati bola akanakhala mkazi, bwenzi atapita kukamutukwana.

Mufunsa kuti ndinkavutikiranji. Ndinali mlendo m'dziko la eni, ana anayi, sukulu ndinalekezera panjira. Chinthu chimodzi chokha ndinkachidziwa kuposa munthu aliyense m'dziko muno, ndicho makina amenewo. Ndinkadziuza kuti tsiku limene adzayake, palibe adzandichotse ntchito. Akafa ndi dzimbiri, ine ndafa nawo. Komanso ndisakunamizeni, ndinkawakonda. Munthu sungasisite chinthu zaka zonsezo osachikonda.

Mlatho uja wopita ku Kigamboni mumadutsapo pa bajaji, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, kunalibe. Ndinkachoka ku Magomeni pa basi ikapezeka, ikapanda kupezeka wapansi, mpaka kukakwera pantoni yowolotsa anthu. Pa pantoni imeneyo, pakona ya kumbuyo pafupi ndi unyolo, panali nyumba ya malamulo yathu. Aphungu okhazikika analipo atatu. Woyamba Che Yusufu, mnzanga wa ku Mangochi, amene ankawoloka kukagula nsomba kwa asodzi n'kukagulitsa ku msika wa Kariakoo. Dzuwa likafika pamutu, nsomba zakezo zinkayamba kuitana ntchentche. Moni wake wa tsiku lililonse unali wakuti, "Achimwene, barafu wanga?" Ine ndinkati, "Mwezi wamawa." Wachiwiri Mzee Kondo, mphunzitsi wa shati yoyera yosita, munthu wokhulupirira boma kuposa mmene boma linkadzikhulupirira lokha. Wachitatu Bi Mwanaidi wogulitsa zitumbuwa za mpunga, amene analibe mbali koma pakamwa anali napo.

Poyamba ankalankhula motsitsa. Koma itafika nthawi ya ruksa, pamene boma linalola kuti aliyense agule ndi kugulitsa zimene akufuna, malilime nawo anamasuka. M'masitolo munadzaza sopo wamitundumitundu, kaunjika anakhuthulidwa mumsewu uliwonse wa ku Kariakoo, madaladala, maminibasi aja, anachuluka. Kungoti shilingi inaonda. Sopo uja tinkamuona bwinobwino, koma kudzera pa galasi. Kuchipatala anayamba kutiuza kuti tizisonkhako, kusukulu chimodzimodzi. Wailesi inati dziko lili ndi ngongole yaikulu, ndipo obwereketsa akuti boma lichepetse antchito ndi kugulitsa makampani ake. Funso la pa pantoni linatsala limodzi, lakuti watifikitsa pano ndani.

"Azungu," ankatero Mzee Kondo. "Khofi ndi thonje lathu amagula pa mtengo woika okha, thirakitala amatigulitsa pa mtengo woikanso okha. Onjezerani nkhondo ija tinamenyana ndi dziko loyandikana nalo, chilala, mafuta kukwera. Ndalama zinamanga sukulu ndi zipatala. Iwe Yusufu, mwana wako anaphunzira kuwerenga ulere, unafunsapo kuti choko chagulidwa ndi chiyani?"

"Choko chake chiti, Mzee?" Che Yusufu ankayankha. "Wanga ankalemba pansi ndi chala. Ndalama zinalowa m'mimba. Pitani mukaone nyumba zimene zikumangidwa uko, mudzandiuze ngati zili za malipiro a pamwezi."

Bi Mwanaidi ankangoti, "Ine mundionetse pepala limene ndinadindapo chala. Wobwereka abweze. Kwa ine munthu akadya zitumbuwa pa ngongole sindipita kukagwira mdzukulu wake."

Vuto la nyumba ya malamulo imeneyi linali lakuti pantoni imawoloka mphindi zochepa. Nkhani ikangofika pokoma, chitseko chotsikira cha pantoni chinkagwa pamchenga, aliyense n'kuthamangira kwake. Mawa ankayambiranso pa azungu. Tsiku lina injini inazima pakati pa madzi, tinayandama mpaka dzuwa kutentha, amayi akupemphera, ena akulira. Ndinati lero ndiye wolakwa apezeka, nthawi ilipo. Anangowonjezera mayina ena anayi.

Ine pa zonsezi ndinkangoti zii. Muyenera kumvetsa kumene ndinachokera. Kwathu masiku amenewo, munthu ukafuna kutchula boma unkayamba wayang'ana kumbuyo, ngakhale uli wekha m'chimbudzi. Chizolowezi chimenecho ndinawoloka nacho malire. Akandifunsa kuti Mnyasa iwe ukuti bwanji, ndinkati nyanja lero yadekha. Che Yusufu anachokera komweko, koma iye mantha ake anagulitsa kalekale pamodzi ndi nsomba.

Kenako zinamveka kuti fakitale yathu ili m'gulu la zogulitsidwa. Wogula adzabwera kudzaona makina, antchito amene angawafune adzatsala, ena onse makalata owachotsa ntchito. Bawo inatha kukoma pansi pa mango paja. M'mawa umene nkhaniyi inafika pa pantoni, Che Yusufu anali atataya dengu lathunthu la nsomba dzulo lake, ndiye anabwera atapsa kale mtima. Sanandifunse za barafu. Anandiloza pamaso pa onse.

"Mukufunafuna wolakwa kutali, ali pompano. Achimwene angawa."

Anthu anaseka. Iye sanaseke.

"Chaka chilichonse kumabwera anthu a ku likulu kudzayendera fakitale ija. Amapeza chiyani? Makina akuwala, akununkhira nazi ngati mkwatibwi. Amabwerera kukalemba kuti ntchito ili moyo, kwangotsala pang'ono, onjezerani ndalama. A Meneja galimoto yatsopano, wa malisiti malipiro, ine nsomba zikuola. Akanachita dzimbiri chaka chachiwiri, bwenzi atatseka kalekale, kapena manyazi atawagwira n'kukoka nthambo zija. Amene wakhala akudzoza maliro amenewa kuti asanunkhe ndani?"

Mzee Kondo anati si bwino kunyoza wantchito wokhulupirika, dziko likanakhala ndi anthu ambiri ngati ine bwenzi lili patali. Bi Mwanaidi anati likanakhala ndi anthu ambiri ngati ine bwenzi lonse likununkhira nazi. Zinandipweteka, ana inu, chifukwa ndinafunafuna bodza m'mawu a Che Yusufu osalipeza. Ndinayang'ana kumbuyo mwachizolowezi, kenako ndinalankhula mawu anga oyamba a ndale m'zaka zonsezo. Ndinati, "Adzayaka." Chitseko chinagwa, tinatsika.

Wogula anabwera nyengo yotentha, mvula isanayambe. Anali bambo wamfupi wa nsapato zoyera, ali ndi injiniya wake ndi jenereta yaikulu pa lole. Ife zaka khumi ndi chimodzi tikudikira nthambo, munthu anangobwera ndi magetsi pa matayala. Antchito tonse tinaima mzere, a Meneja atamanga tayi. Injiniya anazungulira makina, kugogoda apa, kusuzumira apo, kupaka chala, kuchinunkhiza. Anafunsa kuti amawasamala ndani. A Meneja anati ndi ntchito ya tonse. Injiniya anayang'ana manja a tonse, n'kuima pa anga. Atathira zothira zake ndi kulumikiza nthambo, anandiuza kuti dina ndiwe.

Ndinadina. Makina anayamba ndi kubuula, kenako gudumu langa lija linasuntha lokha, koyamba popanda dzanja langa, n'kuyamba kuthamanga mpaka maso osalitsata. Palibe chimene chinalira molakwika, ngakhale lamba mmodzi. Pansi pankagwedezeka. Mayi wa malisiti anaimba nthungululu. Ine ndinalira, ndisabise, misozi ndi mamina omwe, bambo wa ana anayi. Mumtima ndinati, Yusufu, bwera udzaone maliro ako aja.

Barafu sapsa ngati chitumbuwa, amafuna tsiku lathunthu. M'mawa mwake tinatsegula zikombole n'kutulutsa mabuloko oyera mbee, olemera, otuluka utsi wozizira. Asodzi anasiya maukonde kudzaonerera. Wogula anandisisita paphewa n'kunditcha fundi, mmisiri weniweni. Apo ndinati basi, ntchito ndaipulumutsa. Ndinayamba kale kukonza mawu okawauza agogo anu kuti mabotolo aja sanapite pachabe.

Injiniya ndi amene anandiitanira pambali. Anali munthu wabwino, ankaganiza kuti akundiyamikira. Anati, "Mzee, mwatidabwitsa. Ife timayesa tipeza zitsulo zotopa, zosayenera kuzinyamula, zoti tizingozikonzakonza pompano n'kumagulitsa barafu pang'onopang'ono, ndi anthu atatu kapena anayi, inu kutsogolo. Koma awa ndi atsopano! Awa bwana sangawasiye pano. Kuli munthu wa dziko lina amene akufuna otere, ndipo alipira bwino. Malowa adula mapuloti." Kenako anafunsa ngati ndingathandize kumasula, poti mabawuti ndimawadziwa ndine.

Ndinavomera. Mnyasa ukamuuza. Zinangotenga masiku anayi, chifukwa panalibe bawuti ngakhale imodzi imene inakana. Injiniya anati sanaonepo ntchito yofewa chotero. Kalata yanga ndinalandira tsiku lachisanu, pamodzi ndi anzanga a pa bawo.

Koma zimenezo ndi za sabata yotsatira. Tsiku lomwe lija barafu anangounjikidwa pabwalo akusungunuka, chifukwa mayi wa malisiti, atadikira zaka zonsezo ndi buku lake, anauzidwa kuti alibe chilolezo chogulitsa katundu wa mwini watsopano. Asodzi anatola amene anatola. Ine ndinatenga buloko imodzi, kuikulunga m'chiguduli ndi utuchi, n'kuisenza mpaka pa pantoni. Mbiri yoti makina ayaka inali itawanda kale, ndiye ndinapeza aphungu onse atatu akundidikira pakona paja. Che Yusufu anachita kuwolokanso dala.

Ndinatula chiguduli pakati pawo n'kufunyulula. Ndinati, "Ngongole ija ndi iyi. Ndabwera nayo kuti aliyense aone gawo lake." Sindinayang'ane kumbuyo. Ndinawauza zonse, za dziko lina lija, za mapuloti, za ntchito yanga. Palibe amene anatchula azungu, palibe amene anatchula mimba za akuluakulu. Bi Mwanaidi anatenga mpeni wake n'kuyamba kubenthula. Mzee Kondo anaika kachidutswa pachipumi, madzi akutsikira pa shati yosita ija, n'kunena motsitsa, "Ndiye kuti zikanatheka." Che Yusufu anatulutsa nsomba imodzi m'dengu, kuigoneka pa barafu, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandiuza m'chilankhulo chathu, "Achimwene, pepani. Ayakadi." Ndinati, "Inunso munanena zoona, Che Yusufu." Ndi tsiku lokhalo limene nyumba ya malamulo ija inagwirizana, ndipo palibe amene anakondwa.

Wotsalayo ndinakwera naye daladala atakhala pamiyendo. Kondakitala anafuna kundilipiritsa katundu, koma ataona mmene katunduyo akutsikira m'thalauza anangondisiya. Pofika ku Magomeni anali atatsala ngati sopo wochapira. Agogo anu anamulandira ndi manja awiri, monga amalandirira chilichonse, n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Mabotolo onse aja, ndi kameneka?"

Ndinati ndi kameneko, ndipo ntchito yatha. Ndinkadikira kuti akalipe, mwina ndikanapepukidwa. Sanakalipe. Anatenga jagi, kuthira madzi a mumtsuko, kuponyamo, n'kuitana ana. Aliyense anamwa kapu imodzi, ife awiri tinagawana yotsala. Esinati, amayi ako iwe Baraka, anali wamng'ono pa onse. Anamwa, kugwira mano, kulira, kenako anapempha ena. Ndinamupatsa theka langa lija.

Patapita sabata ziwiri Che Yusufu anandipatsa kakhonde ka nyumba yake yosungiramo madengu ku Kariakoo, ndinayamba kukonza magudumu a ngolo zokankha za onyamula katundu. Makolo anu anaphunzira ndi zimenezo. Ngolo ubwino wake ukaipaka girisi imanyamuka pomwepo, siidikira mwezi wamawa.

Ndiye Baraka, ukamafunsa amene anadya, usapite kutali. Ine ndinapaka, agogo ako anapala nazi, amayi ako anamwa kawiri. Amene anasaina mapepala sindinawaonepo nkhope, ndipo sindikhulupirira kuti anakwerapo pantoni. Makina aja kaya ali kuti lero, ndimangopempha kuti akhale ndi munthu wowakumbuka Lolemba. Tenga foni yako upitirize mkangano, mwina inu mufika pa chigamulo, poti simutsika pamchenga. Neema, kanditengere madzi m'firiji. Barafu usaikemo. Wanga ndinamwa kale, ndipo mukulipirabe.